Kwa msuweni, za ma stem cell aja

Msuweni analemba m'gulu la banja cha m'ma 11 koloko usiku kuti: "Asuweni anesi, kodi ma stem cell ndi chiyani kwenikweni? Ndikungofuna kudziwa basi." Yankho linabwera m'mawa, la mawu.

Halo... ikujambula? Eya. Mwadzuka bwanji nonse m'gulu muno. Iwe mwamuna wanga wa ku Rosettenville kuno ku Joni, uthenga wako ndauona. "Ndikungofuna kudziwa basi." Iweyo? Munthu woti bayoloje unkaithawa n'kumakabisala kumunda wa nzimbe, lero usiku wonse tulo osabwera chifukwa cha maselo? Usandipusitse. Ndangoweruka kumene ya usiku, mapazi atupa ngati mandasi, ndiye ndikamazungulira upirire. Tadikira nditereke madzi... chabwino.

Ukukumbukira agogo akamaumba? Dongo lija likakhala laliwisi ankatha kuumba chilichonse, mphika, mtsuko, mbale, ngakhale ting'ombe tija tinkalimbirana. Koma akangowotcha, basi kwatha, mphika ndi mphika. M'thupimu zilinso choncho. Munthu amayamba ngati selo limodzi, pofika masiku asanu n'kukhala kampira kakang'ono, ndipo mkati mwake muli maselo oti akhoza kusanduka chilichonse, khungu, mtima, ubongo, fupa. Limenelo ndiye dongo laliwisi, ma stem cell ukufunsawo. Kenako amayamba kupatukana, awa uku awa uku, mpaka mitundu yoposa 200. Malangizo ake, DNA ija, ndi amodzimodzi pafupifupi m'selo lililonse, kungoti lililonse limatsegula majini ake n'kutseka enawo. Majini a m'thupi, osati a asing'anga, ndakuona ukuseka.

Ndiye ife akuluakulu tinatsala ndi dongo pang'ono, koma losankha. La m'mafuta a m'mafupa limangopanga magazi, ofiira, oyera, ndi tija toumitsa magazi ukadzicheka. Ofiirawo amakhala masiku pafupifupi 120 n'kufa, ndiye m'mafupamo ntchito siima, maselo atsopano pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Pa sekondi, osati pa tsiku. Ulesi wakowo uli kunja kokha, mkati mwako muli anthu olimbikira.

Aaa, koma ndisanaiwale. Ndikayankhula za ameneyu ndimakumbukira amalume ako, bambo anga aang'ono. Ana a masiku ano simukudziwa, mumangowaona pachithunzi chija chili pamwamba pa kabati. Anabwera kuno ku Joni pa Theba, anzawo akubwerera iwo n'kutchona. Zaka naini... ayi, amayi amati leveni, koma amayi amawonjezera. Kalata osalemba, ndalama osatumiza, mpaka agogo aamuna anamwalira iwo kulibe, nkhani ya ng'ombe ija mukuidziwa, sindiibwereza muno. Ndiye tsiku lina anangotulukira, jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, wailesi paphewa, ife ana tikuthamangira sutikesi poganiza kuti muli masiwiti. Anapeza agogo maso atachita ng'ala, akuyenda chogwira khoma, kuzindikira anthu ndi mawu okha. Iwo osadandaula n'komwe, akuti amayi musadere nkhawa, ndabwera nawo mankhwala. Kutsegula sutikesi, kabotolo kabulawuni kokulunga m'sokosi. Akuti anagula pafupi ndi Park Station kwa munthu wovala suti, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo anawauza kuti azungu a ku Sandton amagwiritsa omwewo. Ndalama zake akuti zinali zogulira njinga ziwiri.

Ndikuwaona mpaka lero, m'mawa uliwonse pakhonde, agogo atagona chagada pamphasa, bambo aang'ono atagwada, akudonthezera madontho atatu diso ili, atatu diso ilo, akuwerenga mokweza m'Chifanakalo. Agogo misozi chuchuchu, iwo n'kumati mwaona, ng'ala ikusungunuka imeneyo. Azakhali, amayi akowo, ananena kangati kuti tiyeni nawo ku Nkhoma, kuli madokotala a maso? Anakana. Kukalipa ndithu, akuti inu simunayende, mukudziwa chiyani. Dzinja lonse linatha, kabotolo kanatha, agogo osaona ngakhale nkhuku. Mpaka azakhali anachita kuwaba, kuwakweza pangolo iwo atapita ku bawo. Ku Nkhoma anawachita opaleshoni diso limodzi, m'mawa mwake n'kumasula bandeji. Bambo aang'ono anafika akupuma wefuwefu, atakwiya, n'kuima kumiyendo kwa bedi. Agogo anawayang'ana, kuwayang'ana, kenako akuti, "Kodi ndevu zonyansazi unabwera nazo ku Joni?" Hahaha... wodi yonse kuseka. Zaka zonse zija, mawu oyamba n'kukhala a ndevu.

Koma pamaliro a agogo, usiku, atalawako pang'ono kuseri kwa nkhokwe, anandiuza ine, ndili mtsikana wa Fomu 4. Anati mwanawe, m'botolo muja ine ndinkakayika kuyambira pa Mwanza. Koma ndikanafika bwanji chimanjamanja?

Hmm. Tiyi wanga wazizira.

Tinali pati... eya, dongo. Kwa nthawi yaitali anthu ankati mphika ukapsa subwerera. Ndiye mu 1962 mzungu wina wa ku England, John Gurdon, anatenga phata, momwe mumakhala DNA ija, la selo la m'matumbo a mbululu n'kuliika m'dzira la chule lomwe analichotsa phata lake, ndipo panatuluka mbululu yamoyo. Chule wakenso ndi wa kuno, amene Mabunu amati platanna. Kusonyeza kuti selo la m'matumbo silinataye malangizo opangira thupi lonse, linangowatsekera. Nkhosa ija Dolly, ya ku Scotland mu 1996, njira yake ndi yomweyo. Kenako mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anayesa majini 24, kuchotsa limodzilimodzi mpaka anatsala ndi anayi. Anayi okhawo akawalowetsa m'selo la khungu la mbewa, selolo limabwerera kukhala ngati la m'kampira kaja. Mbewa za m'labu, iwe, osati zapamseu wa ku Lilongwe, meza malovu. Chaka chotsatira anachita ndi maselo a munthu, ndipo mu 2012 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel. Mphika wowotcha kubwerera kukhala dongo laliwisi. Ine nkhani imeneyi imandichititsa tsembwe, sindinama.

Koma dongo lotere ndi loopsanso. Ukalibaya m'thupi usanaliumbe, limangomera chisawawa, chotupa chokhala ndi tsitsi, mano, zonse pamodzi. Limodzi mwa majini anayi aja limakhudzananso ndi khansa. N'chifukwa chake amayenda pang'onopang'ono. Mu 2014 ku Kobe, ku Japan komweko, anaika maselo otere, atawasandutsa kaye a m'diso, kwa mayi mmodzi wokalamba. Mmodzi. Ndipo ku Florida kuli azimayi atatu amene maso anawonongekeratu atawabaya maselo ochokera m'mafuta a pansi pa khungu lawo lomwe pakiliniki ina yolipira mu 2015. Anapita akuona pang'ono, analipira, anabwerako zitaipa.

Zimene ndimaona ine ndi maso anga kuwodi kwathu ndi za magazi, ndipo zimenezo zimagwiradi, pa khansa ya m'magazi, ngakhale nthenda ya magazi yobadwa nayo ija ya sickle cell. Koma tamvera mmene zimakhalira. Wopereka amamubaya jakisoni masiku anayi kapena asanu kuti maselo aja atuluke m'mafupa alowe m'magazi, msana kumuwawa ngati walima dimba. Kenako amakhala pamakina maola angapo, magazi akutuluka mkono uwu, makina akusefa, n'kubwerera mkono winawu. Kathumba kake kamaoneka ngati supu wa tomato wothira madzi. Tikafuna kusunga, timaumitsa mu nayitulojeni, kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro, wogwira amavala magolovesi mpaka m'chigongono. Wodwalayo amayamba wapatsidwa mankhwala amphamvu opha mafuta ake a m'mafupa, ndiye maselo atsopano amalowa kudzera mu diripu. Chipinda chonse chimanunkha ngati adyo chifukwa cha mankhwala amene timasungira maselowo, fungo lake limakutsatira mpaka mu taxi pa Bree. Ndiye milungu iwiri, itatu, munthu alibe chitetezo n'komwe, zilonda m'kamwa, maluwa osalowa, mlendo avale chotseka pakamwa, ife m'mawa uliwonse maso ali pa pepala la zotsatira kudikira kuti maselo oyera ayambe kukwera. Tsiku limene akwera timavina pakhonde, serious. Ndipo wopereka ayenera kugwirizana naye. M'bale wa bere limodzi, mwayi ndi umodzi pa inayi. Akasowa amakafufuza ku South African Bone Marrow Registry, kaundula wa anthu ofuna kupereka maselowa, ilipo kuyambira 1991, koma anthu akuda olembetsa ndi ochepa, ndiye odwala athu amadikira nthawi yaitali.

Tsono iwe. Chinthu chofuna kuzizira koteroko, chofuna anesi usiku ndi usana, ukuganiza kuti chingakhale m'kapaketi ka ufa kosungidwa m'buti ya galimoto pa Jules Street dzuwa likuwomba? Eee, wadabwa? Ukuganiza sindikudziwa? Mlamu anaika pa status Lamlungu, timapaketi tija toika pansi pa lilime, atandandalika pabedi, n'kulemba kuti shuga, BP, sitiroko, kusabereka, zonse kwatha. Ndipo Lolemba azakhali anandiimbira, akuti mwana wanga wandiuza kuti nditha kupumula kaye mapilitsi a shuga, katundu akubwera pa basi. Ndiye Lachiwiri usiku iwe "ndikungofuna kudziwa basi". Mwamuna wanga, ine ndinakusintha matewera.

Werenga kuseri kwa paketiyo. Alemba kuti maselo a apulo, a mphesa. A chomera. Chinangwa ukadula n'kubzala chimamera, inde, koma chimamera chinangwa. Selo la apulo silingasanduke kapamba wa azakhali, ndiponso ndi louma, lakufa, likafika m'mimba ligayidwa ngati mgaiwa. Azakhali asasiye mapilitsi a shuga. Ngakhale tsiku limodzi.

Ndikudziwa uti koma ndinamva kuti achiritsa shuga. Eya, mu 2024 ku China kunalengezedwa za mtsikana wa zaka 25 amene anamutenga maselo ake, kuwabweza kukhala dongo, kuwaumba kukhala opanga insulin, n'kumuika pamimba, ndipo anasiya kudzibaya. Zoona zimenezo. Koma wake ndi shuga wa mtundu woyamba, wa azakhali ndi wachiwiri, ndipo kumeneko kunali kafukufuku, madokotala atamuzungulira, iye akumwanso mankhwala ochepetsa chitetezo. Sizinabwere pa basi.

Ine sindikukunyoza, wamva? Zaka sikisi usanapite kumudzi, mapepala ako tikudziwa mmene alili, ndipo phazi la azakhali lija likukusowetsa tulo. Ukufuna utumize chinthu chooneka, chokulunga bwino, anthu anene kuti mwana wa ku Joni wakumbuka. Ndalama zimenezo, m'malo mwa timapaketi, gula kamakina koyezera shuga ndi timapepala take tokwanira miyezi ingapo, pa famase iliyonse zilipo, ndikuthandiza kusankha Loweruka. Uwagulirenso nsapato zofewa zotseka zala, asamayende chosavala pabwalo. Yotsalayo ikhale ya kabaza wopita nawo ku sikelo ya shuga mwezi uliwonse, osadumphitsa, ndipo phazilo akalionetse sabata ino, osati mwezi wa mawa. Chilonda cha munthu wa shuga sichidikira.

Achimwene a ku Area 25, mukumva? Inu muli pafupi. Mupite mukaone m'kabati ngati mapilitsi alimo, muwerenge, mundijambulire. Akakuuzani kuti apumula kaye, muwauze kuti anesi akana, amwe lero lomwe. Mlamu, pepani, sindikulimbana nanu, ndikudziwa munalowetsa ndalama zanu ndipo amene anakulembani uja akukuvutitsani. Tidzakambirana patokha.

Iwe, ngati wagula kale usachite manyazi, undiuze. Thira m'phala udye wekha, mwina ndevu zako zija n'kumera bwino kuposa za amalume ako. Koma amayi ako mapilitsi, m'mawa ndi madzulo, monga anawauzira kuchipatala. Uwaimbire wekha uwauze, kwa ine angoti eya eya, koma iwe akumvera. Ndikadzuka 3 koloko ndipeze utaimba... ii, foni yatsala 4 peresenti, chaja ili kuti kodi