Tsatani chinthu chimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto

Achimwene, mwafunsa momwe mungalembere nkhani yozukuta buku lokamba za banja, imfa ndi kusowa malo otchula kuti kwathu. Musalembe zimenezi ngati mitu itatu yosiyana. M'buku lonena za mwana amene akukula, zitatuzi ndi chingwe chimodzi: imfa imang'amba banja, mwana n'kuyamba kufunafuna malo oti azitchula kuti kwathu. Mabuku otere amatchedwa Bildungsroman, mawu a Chijeremani omwe katswiri wa zolembalemba Karl Morgenstern anagwiritsa ntchito mu 1819, ndipo mtima wake ndi kusintha kwa mwanayo.

Ine ndinalakwitsapo. Ndinagawa ndime zitatu, aphunzitsi n'kundibwezera pepala akuti ndangobwereza nkhani, sindinaizukute. Chinandithandiza n'kusankha chinthu chimodzi chooneka ndi maso n'kuchilondola. Tiyerekeze kuti ndi malaya a bambo omwalira. Poyamba mwana akuwanunkhiza mobisa, akuopa kuti mayi amuona. Pakati sakufuna n'kuwayang'ana komwe. Kumapeto wawavala, manja ake akadali aatali kuposa mikono yake. Pamenepo mwaonetsa chisoni, mkwiyo ndi kukula osatchula n'kamodzi komwe mawu akuti "anakhwima maganizo". Onaninso amene akusimba: ndi mwana, kapena wamkulu amene akukumbukira? Wamkulu amakhululukira makolo zomwe mwana sakanakhululuka, ndipo ambiri izi amazidumpha.

Ngati ndi za mayeso, aonetseni aphunzitsi anu dongosolo lanu musanalembe. Ndipo bukuli likakutsegulani bala la maliro anu mpaka kusowa tulo, chonde kaonaneni ndi mlangizi wa zamaganizo.