Aticha a mwana wanga ndi aulesi kapena atopa? Yankho kwa amayi ogulitsa pa msika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a kuno ku Chipata, dzina sinditchula monga anapempha. Ndaifupikitsa koma mtima wa nkhani ndi uwu:

"Mwana wanga wamkazi ali Grade 5 pa sukulu ya boma koma mpaka lero satha kuwerenga ngakhale ndime imodzi, kaya ya Chinyanja kaya ya Chizungu. Buku lake la masamu aticha anachonga komaliza mwezi watha. Mwana akuti nthawi zambiri amangolemba manotsi pa bolodi basi nkukhala pansi ndi foni. Ine ndigulitsa tomato ndi repu pa msika, ya private ndilibe koma ndingayese kukongola. Inu munali aphunzitsi, tandiuzeni zoona, aticha a masiku ano ndi aulesi chabe kapena bwanji? Ndimuchotse mwana?"

Amayi zikomo polemba, ndipo pepani ndachedwa kuyankha, nkhani yanu inandikhudza kwambiri moti sindinafune kuiyankha mothamanga. Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 10, zambiri kumudzi cha ku Chadiza uko kenako mu tauni muno, ndiye zimene mwana wanu akunena ndinazionapo ndi maso anga. Ndipo ndikuuzeni poyera, chaka china ticha wokhala pansi ndi foni uja ndinali ine. Mpaka lero ndikawakumbukira ana a chaka chimenecho mtima umandiwawa.

Ticha waulesi ndi ticha amene watheratu mphamvu, mukawasuzumira pa windo amaoneka chimodzimodzi. Onse akhala pa mpando, onse mabuku aunjikana pa tebulo osachonga. Koma ndi matenda awiri osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyana, ndiye musanapite kukakongola ndalama ya private mufunika mudziwe kuti aticha a mwana wanu ali mbali iti.

Tiyambe ndi kalasi yeniyeniyo. Kuyambira January 2022 maphunziro pa sukulu za boma ndi aulere mpaka ku sekondale, ndipo ine ndine mmodzi wa anthu amene anasangalala, chifukwa ndinatopa kuona ana anzeru akukhala pakhomo kuweta ng'ombe kaamba ka mafizi. Ana anabwera ambirimbiri, ena amene anasiya kalekale anabwerera. Boma chaka chomwecho linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ndipo ndalama ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha mmadera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency, madesiki ayamba kuoneka mmasukulu ambiri, izi nzoona ndipo nzoyamikika. Koma mwana amalowa pa geti tsiku limodzi pamene kalasi kuti imangidwe imatenga miyezi, ndiye mmasukulu ambiri makamaka a mu tauni ana achuluka kupambana zipinda, ena alowa mmawa ena masana, maola ophunzira nkufupika.

Tachitani masamu awa amayi, inu mumawadziwa bwino masamu a pa msika. Kalasi yanga yomaliza inali ndi ana pafupifupi 90. Buku limodzi kulichonga bwino, kuona pamene mwana walakwa nkumulembera kanthu, tinene mamineti awiri chabe. Ana 90 ndiye maola atatu amenewo, sabujekiti imodzi. Ticha wa ku pulayimale amaphunzitsa zonse yekha, masamu, Chizungu, Chinyanja, sayansi, zonse, ndiye akati achonge masabujekiti atatu patsiku ndi maola 9 pamwamba pa kuphunzitsa, pamwamba pa kulemba ma lesson plan, ma scheme, rejisita, malipoti. Sizitheka. Ndiye munthu amayamba kungoika tiki osawerenga, kenako amauza ana kuti sinthanani mabuku muchongerane, kenako amasiya. Piriyodi ya mamineti 40 pa ana 90, ngakhale atafuna kumva mwana aliyense akuwerenga, aliyense sangapeze ngakhale theka la mineti. Mwana wachete wokhala kumbuyo angathe kudutsa Grade 2, 3, 4 osatsegula pakamwa ndipo palibe angadziwe kuti satha kuwerenga. Ndikuganiza kuti izi ndi zimene zinachitikira mwana wanu. Onjezani kuti mu 2024 masukulu anatsegula mochedwa mu February chifukwa cha kolera, chaka chomwecho kunagwa chilala chija ana ambiri kubwera ndi njala mmimba, ndiye mu 2025 kunayambanso silabasi yatsopano imene aphunzitsi afunika kuiphunzira uku akuphunzitsa.

Ndiye pali nkhani ya mthumba imene aphunzitsi sakonda kuikamba pagulu. Peyisilipi ya ticha ukaiona pamwamba imaoneka ngati ilipo, koma tsika nayo pansi uone ma loan adula zingati. Ambiri analowa mu ngongole pomanga kanyumba, polipirira abale sukulu, pa maliro, chifukwa pa banja lonse amene ali pa payroll ya boma ndi iye yekha ndipo aliyense akuyang'ana iye. Zikavuta amapita kwa a kaloba. Munthu wotere akakhala ndi foni mkalasi nthawi zina sali pa Facebook ayi, akuyankha amene akufuna ndalama yake, kapena akugulitsa salaula ndi nkhuku pa WhatsApp kuti mwezi uthe. Sindikuti nzabwino, nthawi ya ana ndi ya ana. Ndikungokuuzani zimene zili kuseri.

Kutopa kumene ndikunena sikuja kwakuti ukagona mmawa uli bwino. A World Health Organization mu 2019 anakulemba mu buku lawo ngati vuto lochokera ku nchito, amalitcha burnout, ndipo anati limaoneka mnjira zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pa nchito mpaka kuyamba kuipidwa nayo, komanso kuona kuti zimene ukuchita sizikuphula kanthu. Ine zonse zitatu zinandipeza. Ndinayamba nchito ndili ndi moto, ndinkapanga makadi a zilembo ndi makatoni a sopo, Loweruka ndinkaitana ana otsalira pansi pa mtengo wa mango osawalipiritsa. Kenako mnzanga wa kalasi ina anapita pa transifa osabwera wina, ana ake anandiphatikizira, temu imodzi inakhala chaka, chaka chinakhala ziwiri. Ndinayamba kudzuka mutu ukuwawa, Sande madzulo mtima kugunda ndikaganiza za Mande. Tsiku lina kamnyamata kena kanabwera ndi buku kuti aticha onani ndalemba ndekha, ine osayang'ana nkomwe ndinangoti ika apo. Kanaima pang'ono kenako kanabwerera kukakhala pansi ndipo sikanabwerenso kwa ine temu yonse. Usiku umenewo ndi pamene ndinadziwa kuti mwa ine china chake chafa. Palibe anandifunsa kuti uli bwanji, oyendera masukulu akabwera amafuna mafayilo, mafayilo anali bwinobwino, ana ndi amene sanali bwino.

Koma amayi ndisakunamizeni kuti aphunzitsi onse ndi otopa chabe. Aulesi aliko ndipo ife aphunzitsi timawadziwa ndi maina mu staff room koma timabisirana. Aliko amene Mande safika chifukwa cha matsire, ofika mkalasi akununkha kachasu, aliko amene mwezi ukatha amapita ku boma kukatenga salale nkusowa masiku atatu anayi. Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi aja ophunzitsa mwa theka mkalasi dala kuti ana abwere ku tyushoni ya ndalama madzulo, kumeneko nkuba basi, kubera mwana wa munthu wogulitsa tomato. Enanso analowa uphunzitsi chifukwa ndi kumene kunali mwayi wa nchito ya boma, ana sawakonda nkomwe. Kuchokera pa lamulo la 2013 tili ndi Teaching Council of Zambia imene imalembetsa aphunzitsi ndi kupereka laisensi, ndipo nchinthu chabwino chifukwa chimathandiza kugwira a mapepala abodza, koma pepala silingakuuzeni ngati munthu atha kutenga mwana wosadziwa "ba be bi bo bu" nkumufikitsa powerenga nkhani. Ndaonapo a digiri olephera zimenezo, ndaonanso amayi achikulire a satifiketi yakale amene mwana aliyense wodutsa mmanja mwawo amatuluka akuwerenga.

Nanga mudziwa bwanji? Tengani mabuku a mwana kuyambira kuchiyambi kwa chaka muwatsegule tsamba ndi tsamba. Ticha wotopa amasiya mapazi, mudzaona kuti poyamba ankachonga bwino, ankalemba timawu tolimbikitsa, kenako zikuchepa pang'onopang'ono. Waulesi buku limakhala loyera kuyambira January. Mufunseni mwana ngati aticha amamudziwa dzina, ngati amabwera tsiku lililonse, ngati amaitanira ana ku tyushoni. Ndiye mupite nokha, wamva mmimba ndiye atsekula chitseko. Ndikudziwa kusiya tebulo pa msika ndi ndalama yotayika koma pemphani mnzanu akugulitsireni ola limodzi.

Mukafika musayambire kwa ahedi ndipo musayambe ndi mlandu, mukatero munthu amangodziteteza basi simudzamva zoona. Apezeni aticha pa nthawi ya buleki, apatseni moni mwaulemu, munene kuti "aphunzitsi, ndine mayi wake wa uje, ndaona kuti kuwerenga kukumuvuta, ndabwera kuti mundiuze pamene ali ndi zimene ine ndingachite kunyumba." Kenako khalani chete muwaone. Wotopa nthawi zambiri nkhope imasintha, mwina achita manyazi, mwina ayamba kukufotokozerani mavuto a kalasi, koma adzafuna kumuona mwanayo, chifukwa mumtima mwake uphunzitsi ukadalimo unangokwiririka. Ine kholo limodzi lotere likanabwera chaka chija likanandidzutsa. Waulesi adzakuuzani kuti mwana wanu ndi wosamva, ndi mbuli, kapena mubweretseni ku tyushoni. Mukamva zimenezo ndiye pitani kwa a senior teacher, kenako ahedi, muikambenso pa msonkhano wa makolo, zikakanika ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu mu district, ilipo chifukwa cha zimenezi ndipo muli ndi ufulu wofikako.

Mukafunsenso za Catch Up. Iyi ndi pulogalamu ya unduna wa maphunziro imene inayesedwa koyamba mu 2016 ndipo kuno kummawa Chipata ndi Katete anali mgulu la maboma oyamba, nzeru yake inachokera ku bungwe la Pratham ku India. Ndi ya ana a Grade 3 mpaka 5, ndiye mwana wanu ali mchaka chomaliza choti angalowemo, musachedwe. Mmene imayendera, ticha amamuyesa mwana payekha kuona ngati adziwa zilembo, mawu, ndime kapena nkhani yonse, ndiye ana amaikidwa mmagulu malinga ndi pamene afika osati giredi yawo, nkumaphunzira pafupifupi ola limodzi patsiku ndi masewera, makadi, timitengo towerengera, mchilankhulo chimene amachidziwa. Ine ndimaikhulupirira chifukwa ndinaona ana amene tinawataya mtima akuyamba kuwerenga mu temu imodzi, ndipo chinanso imadzutsa ticha yemwe, palibe chimachiza kutopa kwa mphunzitsi ngati kuona mwana akugwira chinthu pamaso pake. Vuto lake ndi lakuti pena imangokhala pa pepala chifukwa oiphunzitsa ndi omwe aja atopa kale. Ndiye funsani mwachindunji kuti imachitika tsiku liti, nthawi yanji, mwana wanga ali gulu liti.

Za private ndinene mwachidule. Zabwino zilipo koma ndalama zake ndi zambiri, ndipo tina timasukulu totchipa ta mmakomboni aphunzitsi ake amalandira kochepa kwambiri, ambiri akungodikira kuti boma liwalembe, dzina likatuluka amachoka pakati pa temu. Ubwino wake ndi kuchepa kwa ana mkalasi, zimenezo sindikana. Koma kulowa mu kaloba chifukwa cha yunifomu yokongola musanadziwe chimene chikumuvuta mwana, ine sindingakulangizeni.

Kunyumba yambani lero lomwe. Choyamba mupite naye ku kiliniki akamuone maso ndi makutu, ndakumanapo ndi ana angapo amene tinkati ndi ogona mutu koma bolodi sankaliona. Kenako mamineti 15 tsiku lililonse, muyambe ndi Chinyanja chifukwa chimalembedwa mmene chimamvekera, mwana akagwira ma me mi mo mu amathamanga, Chizungu chidzatsatira. Buku la nyimbo la ku tchalitchi likwanira, nyimbo imene aidziwa kale pamtima aziloza mawu ndi chala uku akuimba. Ku msika mpatseni alembe mitengo pa katoni, awerenge chenji. Ngati inu nthawi kapena maso sakulolani, mkulu wake kapena mwana wa aneba wa ku sekondale angathandize. Chimodzi chokha, musamukalipire akalakwa ndipo musamuyerekeze ndi anzake, mwana wa Grade 5 amadziwa kale kuti watsalira ndipo manyazi amene ali nawo ndi aakulu kuposa mmene mukuganizira.

Kwa aphunzitsi anzanga amene muwerenge izi, ndikudziwa ena mukwiya kuti ndaulula za mnyumba. Koma ngati wafika poti mwana akubweretsera buku iwe osafuna nkuliona komwe, uza munthu, kaya mnzako pa teacher group meeting, kaya ahedi, kaya ku chipatala, usadikire zaka ziwiri ngati ine. Ndipo a ZNUT ndi a BETUZ, mabungwe oimira aphunzitsi, pokambirana ndi boma nkhani ya kuchuluka kwa ana mkalasi izimveka mokweza ngati mmene imamvekera ya salale.

Amayi, apatseni aticha ndi mwana mpaka kutha kwa temu ino mukuchita zimene ndanenazi. Ikatha mumuyese nokha ndi ndime yaifupi ya Chinyanja imene sanaionepo. Ngati palibe kusintha ndipo aticha sanaonetse chidwi chilichonse, pemphani ahedi amusinthe kalasi kapena mufune malo pa sukulu ina ya boma, private ikhale yomalizira. Mukapita ku sukulu kuja mundilemberenso mundiuze gulu limene amuika, kaya la zilembo kaya la mawu, ndidzakutumizirani zoti muzichita naye madzulo zogwirizana ndi pamene ali.