Kodi kabati yokhoma nokha inganyamule matailosi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti anakhoma okha kabati ya m'khitchini ndi matabwa a paini, ya mamita awiri m'litali, ndipo mayi a kunyumba akufuna pamwamba pake pakhale matailosi. Nkhawa yawo ndi yakuti kodi siidzaphwasuka ndi kulemera?

Bambo, za kulemerazo musasowe nazo tulo. Kabati ya m'khitchini imakhala masentimita 60 m'lifupi, ndiye pamwamba panupo ndi sikweya mita 1.2. Matailosi pamodzi ndi simenti yake yomatira amalemera pafupifupi makilogalamu 25 pa sikweya mita imodzi, onse pamodzi 30 basi. Sakufika n'komwe pa thumba limodzi la simenti. Kwerani mukhalepo nokha. Ikapanda kulira kapena kupendekeka, matailosi inyamula.

Chimene chimapha matailosi ndi kugwedera ndi madzi. Thabwa limapindika pang'ono n'kubwerera, koma tailosi silidziwa kupindika, limangosweka. Paini amafufuma m'dzinja n'kukhwinyata ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo chaka chilichonse amakoka mizere ya pakati pa matailosi mpaka itang'ambika. Ine ndinaziona kwanga. Ndinamata matailosi pa chipibodi, thabwa lopangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo mvula isanathe ka mng'alu kanatuluka pambali pa sinki. Madzi otsukira mbale ankalowa momwemo, chipibodi n'kutupa ngati buledi wonyowa. Ukagogoda ndi supuni, tailosi linkalira ngati ng'oma. Ndinagumula zonse.

Choncho pamwamba musayale matabwa a paini ondondozana, ndipo chipibodi ndiye ayi ndithu. Gulani plywood (thabwa la timatabwa topyapyala tomatidwa mosanjikiza) wochindikala mamilimita 18, mumuike kawiri, mumate ndi guluu ndi kumanga ndi masikuluwu, osati misomali, pakuti misomali imazuka pang'onopang'ono. Pansi pake pakhale chogwiriziza pa masentimita 60 alionse, ndipo thabwa lakumbuyo mulimangirire kukhoma. Pamene mwaboola kuti palowe sinki ndi pofooka kuposa pena paliponse: ikani mitanda kutsogolo ndi kumbuyo, m'mbali modulamo mupake vanishi kapena penti wa mafuta. Mukapeza cement board, bodi yopyapyala yopangidwa ndi simenti, iyaleni pamwamba pa plywood, matailosi amagwira bwino pamenepo. Simenti wamba yosakaniza ndi mchenga sigwira pa thabwa. Kusitolo ya hardware funsani tile adhesive, simenti yomatira matailosi, yolembedwa kuti flexible, kutanthauza yolola kupindika pang'ono. Pamene matailosi akumana ndi sinki ndi khoma muike silicone, chomatira chofewa ngati labala chotseka madzi.

Miyendo ikweze kabati masentimita 10 kuchoka pansi, kuti madzi okolopera asamanyowetse matabwa, komanso chiswe chikayamba kukwera muchione msanga.

Koma pali chimodzi. Amisiri ambiri kuno akamva za matailosi amathamangira kunena kuti tithire kaye silabu. Silabu ya konkire yochindikala masentimita 5 pa kabati yanuyo ikhala makilogalamu 144, pafupifupi matumba atatu a simenti, matailosi tisanawerengere. Imeneyo musaisenzetse paini. Ngati mayi akufuna yolimba choncho, mangani zipilala za njerwa, silabu ikhale pamenepo, inu mungokhoma zitseko ndi mashelefu, monga zilili m'nyumba zambiri za m'tauni.

Mukasankha ya plywood ija, muwauze mayi kuti kamtondo kosinjira adyo ndi tsabola kazikhala pansi.