Funsani Amalume: Kodi dipuloma ya graphic design idzandidyetsa?

Funso: Amalume, ndine mnyamata wa zaka 19, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Ndinakhoza MSCE koma sindinasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma. Kujambula ndinayamba kukonda ndili ku pulayimale, ndipo pano ndimapangira anzanga maposita pafoni. Ndikufuna kukachita dipuloma ya graphic design, luso lokonza maonekedwe a maposita, mabuku ndi zina zosindikiza, koma bambo akuti amenewo ndi masewera a pakompyuta, bola uphunzitsi kapena zowerengera ndalama. Anzanganso akuti ndikangotaya fizi chifukwa aliyense akupanga yekha ndi pulogalamu ya Canva ndi AI. Ndithandizeni maganizo.

Yankho: Mphwanga, ntchitoyi ndi yeniyeni. Ine ndalerera ana ntchito yomweyi, ndipo mpaka lero ndimadzukira m'chipinda chokonzeramo zosindikiza. Koma bambo ako usawaone ngati otsalira. Ndalama ya fizi ituluka m'thumba mwawo, ndiye ali ndi ufulu wofunsa kuti ibwerera bwanji.

Tsiku lina uwaperekeze kuchokera ku depoti ya basi kukafika mumsika waukulu. Muziwerenga zikwangwani za masitolo, timapepala tomata pa mabotolo a uchi ndi chiponde, makalendala a mipingo, makadi a chinkhoswe. Chilichonse cha zimenezi pali munthu amene anachikhalira pansi, ndipo analipidwa. Pa chisankho cha mu September 2025 unaona wekha nsalu, matisheti ndi maposita mmene zinadzazira mseu. Zomba yathu inonso ndi kwawo kwa zosindikiza: Government Print imene kwa zaka zambiri inkatulutsa Gazette ya boma ili konkuno, ndipo ku Domasi kuli Malawi Institute of Education kumene amakonza mabuku a ana a sukulu. Buku la sitandade 3 silingokhala mawu okha. Pamafunika wodziwa kukula kwa zilembo kumene mwana angawerenge, ndi malo amene chithunzi chingakhale osasokoneza phunziro.

Anzako akunena zoona, koma mbali imodzi yokha. Kaposita ka phwando kongoyenda pa WhatsApp palibenso amene angakulipire bwino, ndipo ukapita ku koleji kuti ukaphunzire zokhazo, fizi yako yapitadi m'madzi. Vuto limayamba chinthucho chikachoka pafoni kupita pa makina. Kuntchito kwanga anthu amabwera ndi posita yokongola yopangidwa pafoni, akufuna banner ya mamita atatu ya msonkhano wa mpingo. Tikaikulitsa, nkhope ya abusa imasweka n'kukhala timabokosi, chifukwa chithunzi cha pafoni chili ndi timadontho towerengeka, ndipo ukachitambasula timadonthoto timaonekera. Chithunzi chopita m'buku kapena pa kalendala chimafuna madontho 300 pa inchi iliyonse. Logo nayo iyenera kujambulidwa ngati vector, chojambula cha mizere osati timadontho, mu pulogalamu ya Illustrator kapena CorelDRAW kuti ikhale yakuthwa chimodzimodzi pa chidindo ndi pa khoma la sitolo. Kenako pali nkhani ya mitundu. Sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, zimene timati RGB, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK. Buluu wowala uja wa pafoni amatuluka wozilala, mkwatibwi n'kuyamba kulira kuti makadi sakufanana ndi madiresi a operekeza. Wophunzira amadziwanso kusiya mamilimita 3 a bleed, kutanthauza utoto wopitirira malire a tsamba, m'mphepete kuti mpeni wodulira mapepala usasiye mzere woyera. Amadziwa kuti si font (mtundu wa zilembo) iliyonse ili ndi chilembo cha ŵ, ndipo amayang'aniratu asanayambe buku la Chichewa kapena Chitumbuka.

Zimenezo ndi za makina, munthu atha kuziphunzira msanga. Chimene chimatenga nthawi, ndipo ndi chimene ndimalemekezera dipuloma yabwino, ndi kuphunzitsa diso. Tenga pulogalamu ya maliro. Banja lili pa chisoni, lakupatsa zithunzi zisanu, mbiri ya malemu, nyimbo ndi mayina a olankhula, likufuna zonse zikhale zitatheka mawa m'mamawa. Iwe uyenera kudziwa chimene diso la gogo wosaona bwino liyambe kuona, chimene chichepe, ndi chimene chichoke. Mphunzitsi wabwino amapachika ntchito yako pakhoma pamaso pa kalasi yonse n'kukufunsa chifukwa chimene waikira mitundu isanu ya zilembo pa tsamba limodzi. Zimawawa, koma diso limatseguka pamenepo. AI ikupatsa chithunzi m'kanthawi kochepa, ine ndimaigwiritsanso ntchito, koma singakhale pansi ndi mayi wogulitsa ufa wa soya ku Songani n'kumvetsa chifukwa chimene paketi yake ikudutsidwa pa shelefu.

Tsono si koleji iliyonse yolemba "dipuloma" pa geti imene imaphunzitsa zimenezi, ndipo apa ndipamene makolo ambiri adyeredwa ndalama. Usanalipire ngakhale ya fomu, fufuza ngati kolejiyo ndi maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kapena TEVETA ngati ali a ntchito zamanja. Pita wekha, usadalire zimene alemba pa Facebook. Lowa m'chipinda cha makompyuta uwerenge amene akuyaka, ufananize ndi kuchuluka kwa ophunzira. Funsa kuti magetsi akazima kalasi imatani. Pempha kuona ntchito za amene anamaliza chaka chatha, zosindikizidwa, zogwirika m'manja. Funsa ngati amatumiza ophunzira ku atachimenti, komanso ngati mphunzitsiyo anagwirapo ntchito kosindikizira. Akayamba kukuzungulitsa pa mafunso amenewa, tuluka. Dipuloma nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri. Kosi ya miyezi itatu yophunzitsa pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop yokha ili ndi ntchito yake, koma si chinthu chimodzi. Ndipo ngati mtima wako uli pa zojambula zenizeni, ku University of Malawi pa Chirunga pomwepa amaphunzitsa fine art pa digiri ya zaka zinayi, kwa amene ali ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi.

Sindikubisira, ntchito za malipiro a pamwezi n'zochepa, ndipo zambiri zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, m'manyuzipepala, m'makampani osindikiza ndi otsatsa malonda, komanso m'mabungwe. Ambiri a ife timadzilemba tokha. Kumeneko kasitomala safunsa satifiketi, amati "tandionetsani zimene munapangapo". Choncho portfolio, mpukutu wa ntchito zako zoonetsa makasitomala, uyambe kuisonkhanitsa teremu yoyamba. Phunzira kuika mtengo, kulandiriratu theka la ndalama usanayambe, ndi kugwirizana kuti ntchito isinthidwa kangati. Kasitomala aziwerenga ndi kusayina musanasindikize, chifukwa dzina la mkwati likalakwika pa makadi onse, wolipira ndi iwe. Chichewa ndi Chingerezi chako chikhale chokhwima pa chifukwa chomwecho. Zithunzi za eni ake usamangotola pa intaneti. Dziko lino lili ndi lamulo la copyright la 2016 ndi bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA, ndipo lamulo lomwelo lidzatetezanso ntchito zako.

Kwa bambo usapite ndi mkangano. Pempha malo ena osindikizira m'tauni muno akulole kuthandiza miyezi itatu, ngakhale kudula mapepala ndi kumata. Ukaona kuti phokoso la makina ndi makasitomala ovuta sizikukubweza m'mbuyo, upite kwa bambo ndi ntchito zako zosindikizidwa, umboni woti kolejiyo ndi yovomerezeka, ndi mndandanda wa fizi yonse mpaka kumaliza. Ine ndikuti pita ukaphunzire, pensulo ndi kabuku kojambulamo usazitaye.

Funso: Amalume, mwana wanga wamkazi wayamba maphunziro omwewa ndipo akuti popanda laputopu ya Apple sangakhoze. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Matawale. Nditani?

Yankho: Mayi, mtima pansi, Apple si lamulo. Laputopu ya Windows, ngakhale yogwirapo kale ntchito, imukwanira ngati ili ndi RAM (memore yogwirira ntchito) ya 8 GB, ndipo mukapeza ya 16 GB ndiye bwino kwambiri. Ikhale ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga), sikirini yopanda mabala, ndi batire losunga moto chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Pogula mupite ndi munthu wodziwa, aiyatse n'kuichotsa ku magetsi muone mmene batire likutsikira. Mapulogalamu a Adobe, monga Photoshop ndi Illustrator, amalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndiye afunse ngati koleji imapereka. Kunyumba atha kuyesera pa Inkscape, GIMP ndi Scribus, amene ndi aulere. Ndalama yotsala mumugulire flash kapena hard drive yosungirapo ntchito zake pena, komanso muzimupatsa yosindikizira zimene wapanga kuti aziona mmene zikutulukira pa pepala.