Kulemba ma drums a mu nyimbo, yambani mwapeza pomwe pali 1

Achimwene, mwati mumaimba ma drums kutchalitchi ku Highfield ku Harare ndipo mukufuna muzilemba papepala zomwe anzathu akumenya mu nyimbo zojambula kale kuti muziphunzirirapo, koma manotsi a staff aja, olembedwa pa mizere isanu, simuwadziwa. Amenewo asakuopseni, ine zaka zonsezi ndimalemba mu kope la masamu lija la timabokosi, lomweli la ana asukulu, ndipo zimayenda bwinobwino.

Poyamba cholembera chisiyeni kaye. Imverani nyimboyo kambirimbiri uku mukuponda phazi pansi mpaka mudziwe pomwe pali 1, kuponda koyamba mukamawerenga 1, 2, 3, 4, kenako muwerenge kuti pakati pa kuponda kumodzi ndi kwinako pakulowa timagawo tingati, tinayi kapena titatu. Apa mpomwe ambirife timagwera. Gospel yambiri ndi reggae zimayenda 4/4, bala imodzi, ndiye kuti kuponda kanayi, mumaipatsa timabokosi 16. Koma zakuno ku Zimbabwe zochokera ku mbira ngati chimurenga zimayenda patatupatatu, 12/8, timabokosi 12 basi.

Ine ndili mnyamata ku Mbare ndinatha masabata awiri ndikukakamiza nyimbo ina ya chimurenga mu timabokosi 16, kufufuta mpaka pepala kubooka, hi-hat imangoti pena yatsala pena yapitirira ine nkumati mwina khutu langa ndi lakufa. Madala ena oyandikana nafe, kwawo ku Dedza, amene ankaimba ng'oma ku gule, anandipeza pakhonde ndikulimbana ndi kawailesi, anaima pang'ono nkuomba m'manja katatu pa kuponda kumodzi, kuseka nkumapita osanena kanthu. Madzulo omwewo nyimbo inalowa yokha mu 12. Mu band ya Thomas Mapfumo hi-hat imatsanzira hosho, maseche aja operekeza mbira, ndiye mukaimvetsa hosho hi-hat siivutanso. Komanso nyimbo zambiri za mbira zimazungulira pa magawo anayi a 12, onse pamodzi 48, choncho lembani mabala anayi motsatizana musanati mwamaliza. Reggae nayo ili ndi msampha wake, pa kamenyedwe ka one drop, kick (ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi) ndi rim (m'mphepete mwa snare) zimagwera limodzi pa 3, wosadziwa amayesa pamenepo ndiye pa 1 nkulemba nyimbo yonse chozondoka.

Kalembedwe kake nkosavuta. Mizere itatu, wapamwamba hi-hat muziika x, wapakati snare, wapansi kick muziika o, bokosi lopanda kanthu ndiye kuti palibe chomenya. Mverani chinthu chimodzi ulendo umodzi, osati zonse pakamodzi. Ine ndimayamba snare poti imamveka poyera, kenako hi-hat, kick kumapeto chifukwa imabisala kuseri kwa bass, makamaka mu nyimbo za sungura, eeh mmene bass imalongololera muja kick mumachita kuisaka. Ndipo pa sipika ya foni musayese nkomwe, kick siituluka, pezani mahedifoni olo otchipa amumsewu.

Zikathamanga kwambiri chepetsani liwiro. Pa YouTube ikani 0.75, ya 0.5 ija kwa ine mawu amasanduka phala. Ngati muli ndi laputopu pulogalamu ya Audacity ndi yaulere, mudule mabala awiri aziseweraseweranso, koma musankhe Change Tempo osati Change Speed, yachiwiriyi imatsitsanso mawu snare nkumamveka ngati tom. Kuli ma app ngati Moises amene amapatula ma drums okha mu nyimbo, amathandiza kupeza kick, koma ma cymbal amatuluka ngati ali m'madzi ndipo timamenyedwe tating'ono ta pa snare, ma ghost note aja, tina timasowa, ndiye muzibwererabe ku nyimbo yeniyeni. Amadyanso bando, kaya inu ndi data yanu zili bwanji.

Musalembe nyimbo yonse bala ndi bala, mutopa pachabe. Lembani groove, kamenyedwe kobwerezabwereza kaja, ya vesi ndi ya kolasi, kenako pambali mungoti vesi mabala 8, kolasi 8, roll ili apa. Ma roll muziyamba mwawaimba pakamwa, takataka dum, monga amaphunzitsira ng'oma kumudzi, chomwe pakamwa pakanika kutchula dzanjanso silimenya. Pansi pake muike R (dzanja lamanja) ndi L (lamanzere) mwa inu nokha chifukwa nyimbo siikuuzani dzanja lomwe munthu anamenyera. China, nyimbo zambiri masiku ano ma drums ake ndi apakompyuta mu studio, Zimdancehall pafupifupi yonse, mupeza pena pakufunika manja atatu. Pamenepo musadzivute, sankhani zofunika zinazo zisiyeni.

Mukamaliza menyani limodzi ndi nyimboyo, olo pa pilo magetsi akathima, mudzijambule pafoni nkumvera. Pomwe mwalemba zabodza pamadziulula pokha. Staff mudzaiphunzira mukafuna kupatsa ena, pulogalamu yolembera manotsi ya MuseScore ndi yaulerenso, kick imakhala mu mpata wapansi, snare mu mpata wachitatu kuchokera pansi, hi-hat ndi x pamwamba pa mizere yonse isanu.

Sankhani nyimbo imodzi yomwe kwaya ikuimba Lamlungu lino, mulembe mabala awiri oyamba a vesi, mujambule kopelo muponye mugulu muno ndione ngati 1 mwamuika poyenera.