Foni ikutsika mtengo, fizi ikukwera: kodi pali amene akutidyera masuku pamutu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala akuphunzitsa ana kwa zaka zoposa 20. Funso lawo ndalifupikitsa. Akuti foni imene ali nayo lero ndi yamphamvu kuposa kompyuta imene ankaisirira ali mtsikana, komabe anaigula motchipa. Wailesi yakanema chimodzimodzi. Koma fizi ya ana, chipatala, kumetetsa tsitsi, tikiti yokaonera oyimba, zonsezi zimangokwera chaka ndi chaka. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi pali amene akutidyera masuku pamutu? Nanga AI (nzeru za makompyuta zotsanzira kuganiza kwa munthu) ikutchuka masiku anoyi idzatsitsa mitengo imeneyi, kapena idzangondilanda ntchito?"

Mayi, zikomo polemba. Akuba alipo, sindikukana, ndipo ndiwatchula kutsogoloku. Koma dziko likanakhala la anthu oona mtima okhaokha, zimene mwaonazi zikanachitikabe, ndipo chifukwa chake anachipeza ndi anthu amene ankafufuza za nyimbo.

M'chaka cha 1966, akatswiri awiri a zachuma a ku America, William Baumol ndi William Bowen, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa funso limene linkaoneka laling'ono: n'chifukwa chiyani magulu oyimba ndi ochita zisudzo amangokhalira kulira ndalama ngakhale holo itadzaza? Chitsanzo chimene chinatchuka ndi cha nyimbo zolembedwera anthu anayi oyimba zida za zingwe, awiri a vayolini, mmodzi wa viola, wina wa cello. Wopeka nyimbo wotchuka Beethoven anamwalira mu 1827. Nyimbo yake imene inkafuna anthu anayi ndi mphindi 40 pa nthawiyo, lero ikufunabe anthu anayi ndi mphindi 40. Mukachotsa mmodzi kuti musunge ndalama, nyimbo yatha. Mukawauza kuti aziyimba mothamanga kuti amalize msanga, omvera atuluka. Zaka pafupifupi 200 zadutsa, ntchito imene munthu mmodzi amaigwira pa ola sinasinthe ngakhale pang'ono.

Tsono yang'anani kwina. Mu 1900, mwa anthu 100 alionse apantchito ku America, pafupifupi 40 anali kumunda. Lero sakwana awiri, koma zokolola n'zochuluka kuposa kale. Ku foni yanu ndiye n'zoposa. Katswiri wa zipangizo za makompyuta Gordon Moore anaona mu 1965 kuti chiwerengero cha tizipangizo totchedwa transistor tokwana pa chip imodzi (kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta kapena foni) chikuwirikiza kawiri m'kanthawi kochepa. Chip imene kampani ya Intel inatulutsa mu 1971 inali nato pafupifupi 2,300. Ya m'foni ya lero ili nato mabiliyoni. Wantchito wa m'fakitale akamapanga katundu wambiri pa ola limodzi, katunduyo amatchipa, ndipo abwana amatha kumuwonjezera malipiro osaluza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Woyimba vayolini uja si mtengo wozika pansi. Ali ndi miyendo, ali ndi ana ofuna kudya, ndipo akuona mnzake wa kufakitale akulandira zambiri. Ngati malipiro ake sakwera nawo, asiya vayolini, ndipo mwana wanzeru amene akusankha ntchito lero sangataye zaka 15 akuphunzira kuyimba. Choncho malipiro ake amakwera motsatira a ena, ngakhale kuti nyimbo zimene amayimba pa ola sizinachuluke. Ndalamazo zichokera kuti? Ku tikiti yanu. Walira mvula walira matope: chuma chimene chatchipitsa foni ndi chomwecho chimene chadulitsa nthawi ya munthu. Akatswiri amati amenewa ndi matenda a kukwera mtengo, dzina limene ine sindilikonda, chifukwa limachititsa anthu kuganiza kuti pali wina wodwala amene akufunika jakisoni.

Inuyo mukuzidziwa izi kuposa ine. Mwana walakwitsa samu yochotsera. Mumaweramira pa kope lake, mumatsatira ndi chala mpaka mwapeza pamene anabwereka 1 n'kuiwala kubweza, kenako mumamufunsa kuti afotokoze yekha, iye n'kukhala chete akuluma pensulo. Mphindi zitatu zapita pa mwana mmodzi, ndipo mphindi zimenezo sizipanikizika. Namwino naye pomanga bala amamatula bandeji yakale pang'onopang'ono, amayang'ana mtundu wa chilondacho, amamva ngati pali fungo, amafunsa wodwala ngati wagona bwino. Wometa anapeza makina amagetsi, inde, koma mutu ndi umodzi pa mpando umodzi. Pa ntchito zotere, nthawi ya munthuyo ndiye katundu amene tikugula.

Nkhaniyi ikafika ku boma imasanduka ndale, chifukwa zambiri zimene boma limalipira ndi za mtundu womwewu: aphunzitsi, anamwino, apolisi, oweruza milandu. Ndiye ngakhale pasabedwe kalikonse, gawo la chuma cha dziko lopita ku ntchito zimenezi limakula pamene dzikolo likulemera. Ku America, mu 1960 zaumoyo zinkatenga pafupifupi 5 pa 100 alionse a chuma chonse cha dziko. Masiku ano zimatenga pafupifupi 17. Nduna ya zachuma ikaona manambala otere imathamangira kunena kuti pali kusakaza, ndipo mankhwala ake amakhala omwe aja: malipiro asakwere, olembedwa ntchito atsopano ayambe adikira. Pa pepala bajeti imaoneka bwino. Koma mtengo sunatsike, wangosamuka. Kalasi ya ana 40 imakhala ya ana 60, mzere wa kuchipatala umatalika, ndipo waluso amachoka. Amatha kuchoka ngakhale m'dziko momwe. Zipatala za boma ku Britain zili ndi anamwino ambirimbiri ochokera ku India, Philippines ndi Nigeria, kutanthauza kuti malipiro a ku London amafika mpaka pokoka namwino amene anaphunzitsidwa ndi misonkho ya dziko losauka. Dziko losaukalo limalipira mtengo wa chuma chimene silinachilawe n'komwe.

Za akuba aja tsopano. Baumol samasulira zonse, ndipo ndimakwiya ndikamva dzina lake likugwiritsidwa ntchito ngati bulangete lofunditsa chinyengo. Germany ndi France nawo ndi mayiko olemera, anamwino awo nawo amamanga mabala pang'onopang'ono, koma zaumoyo zimawatengera pafupifupi 12 pa 100, ndipo anthu awo amakhala ndi moyo wautali kuposa a ku America. Kusiyana kumeneko sikungachokere ku vayolini. Kumachokera ku mitengo ya mankhwala, ku anthu apakati, ku maofesi odzaza ndi olemba mabilu. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Fizi ikakwera, funsani ngati malipiro a mphunzitsi akwera nawo. Ngati anu ali pomwepo zaka zisanu pamene fizi yawirikiza, ndalamayo yalowera kwina, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti yapita kuti.

Funso lanu lachiwiri ndilo lovuta, koma nyimbo zomwezo zikutiunikira. Thomas Edison atapanga makina ojambula mawu mu 1877, oyimba anayi aja anayamba kumveka m'nyumba mamiliyoni osatulukanso thukuta. Lero nyimbo yojambulidwa mumaimva pafoni pafupifupi mwaulere. Koma tikiti yokaona woyimba pamaso yakwera m'malo motsika. Makina sanachiritse matendawo, anangopanga katundu wina wotchipa pambali pa wodula uja, anthu n'kumagula zonse ziwiri. Mu 2016 Geoffrey Hinton, mmodzi mwa akadaulo amene anayala maziko a AI ya lero, ananena kuti ndi bwino kusiya kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray chifukwa makina awaposa posachedwa. Madokotalawo akuphunzitsidwabe, ndipo zipatala zambiri zikudandaula kuti ndi ochepa. Zinapezeka kuti kuwerenga chithunzi ndi gawo limodzi chabe la ntchito yawo.

Maganizo anga ndi akuti AI idzakutengerani zimene mumachita usiku: kuchonga mayeso osankha yankho, kukonza ndondomeko ya phunziro, kulemba malipoti. Zimenezo zisiyeni zipite, palibe amene adzazilire. Mphindi zitatu zoweramira pa kope zija zidzatsala, ndipo popeza china chilichonse chidzakhala chitatchipa, zidzaoneka zodula kuposa lero. Chimene ndikuopa ine si kuti mudzasowa ntchito. Ndikuopa kuti mwana wa wolemera adzakhala ndi mphunzitsi komanso makina, wa wosauka n'kupatsidwa makina okha, kenako n'kumauzidwa kuti ndi chitukuko.

Choncho tsiku limene akuluakulu anu adzaitanitse msonkhano wokuonetsani pulogalamu yatsopano, musataye nthawi kutsutsana nawo ngati imagwira ntchito, chifukwa mwina imagwiradi. Kwezani dzanja muwafunse kuti maola amene ikupulumutsawo apita kwa ana amene muli nawo kale, kapena akuwonjezerani ana ena 20 m'kalasi.