Ufa wa manjano, makoswe a m'labotale ndi khansa ya m'matumbo

Mayi ena a ku Nchalo anditumizira imelo yofunsa za ufa wa manjano wosakaniza ndi masamba a chammwamba, mtengo womwe kuno kuchigwa ambiri amautchula kuti sangowa. Akuti wogulitsa wina pamsika anawauza kuti asayansi anauyesa kale ufawo ndipo umateteza munthu ku khansa ya m'matumbo akulu. Popeza bambo awo anamwalira ndi nthenda yomweyi, akufuna kudziwa ngati n'koyenera kumagula ufawo mwezi ndi mwezi.

Mayi, kafukufuku wa zomera ndi khansa imeneyi alipodi, koma wochuluka anachitidwa pa makoswe ndi mbewa, ndipo ndi bwino mudziwe momwe amayendera. Asayansi amabaya makoswe mankhwala oyambitsa khansa, monga azoxymethane, kenako ena amawapatsa chakudya wamba pomwe ena amawapatsa chakudya chothira mankhwala otengedwa ku zomera. Pakapita masabata angapo amawapha, n'kung'amba thumbo, n'kulipaka utoto wabuluu, ndipo pa maikulosikopu amawerenga timaenje ta m'kati mwa thumbo tomwe tayamba kukula mosalongosoka. Njira imeneyi anaifotokoza ndi Ranjana Bird wa ku Canada mu 1987. Curcumin, yemwe amapatsa manjano chikasu chija, wachepetsadi timaenje totere m'makafukufuku ambiri, ndipo zofanana nazo zaoneka ndi resveratrol wa mu mphesa ndi mtedza.

Chimene wogulitsayo sanakuuzeni n'chakuti timaenjeto si khansa, ndipo tambiri sitifika posanduka chotupa. Khoswe amadyetsedwa mankhwala oyeretsedwa pamlingo waukulu tsiku ndi tsiku, ali m'khola momwe sadya china chilichonse, pomwe munthu amathira kasupuni ka ufa m'phala, ufa womwe curcumin wake ndi wochepa ndipo thupi silimuyamwa bwino. Zotsatira za kafukufuku wina zomwe zinatuluka mu 2018 n'zofunika kuziganizira mofatsa. Anthu 44 omwe anali ndi nthenda yakumtundu yomeretsa tizotupa tambirimbiri m'matumbo anagawidwa pawiri: ena ankamwa magalamu 3 a curcumin patsiku kwa miyezi 12, ena mapiritsi opanda mankhwala, ndipo pomaliza panalibe kusiyana kwenikweni pa kuchuluka kapena kukula kwa tizotupato. Nthawi zina zimafika poipa kumene, chifukwa mu 1994 ku Finland kunapezeka kuti amuna osuta fodya omwe ankamwa mapiritsi a beta-carotene, mankhwala opezekanso m'karoti, anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo.

Umboni umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi wokhudza chakudya chathunthu. Dokotala Denis Burkitt, yemwe anagwira ntchito ku Uganda, anaona kuti khansa ya m'matumbo inali yosowa pakati pa anthu akumudzi odya zakudya zosakonola. Mu 2015, gulu la Stephen O'Keefe linafalitsa zomwe linapeza litasinthanitsa zakudya za anthu akuda 20 a ku America ndi za anthu 20 akumudzi ku South Africa kwa masabata awiri okha. A ku Americawo atayamba kudya za chimanga ndi nyemba, tizilombo tabwino ta m'matumbo mwawo tinachulukitsa butyrate, yemwe amadyetsa khungu la m'kati mwa thumbo, ndipo zizindikiro za kutupa zinatsika. Kwa a ku South Africa aja, omwe ankadya za ku America, zinatembenuka. Chaka chomwecho bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika nyama zokonzedwa ngati soseji m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. N'zomvetsa chisoni kuti nsima ya mapira, mchewere ndi mgaiwa, pamodzi ndi khobwe ndi nandolo, ndi zomwe ena amaziyesa zakudya zaumphawi akangoyamba kulandira malipiro. Sangowa muzidya ndithu ngati ndiwo, wotendera, popanda kumulipirira mtengo wa mankhwala.

Nkhani ya bambo anu ndi imene ikufunika kuchitapo kanthu, pakuti munthu amene kholo lake linadwala khansa imeneyi amakhala pachiopsezo chokulirapo. Kuno kuchigwa, magazi m'chimbudzi timafulumira kuwatchula kuti ndi kamwazi kapena likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma ngati akupitirira mutalandira mankhwala, kapena mukuonda popanda chifukwa, mukuchepa magazi m'thupi, kapena kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, pitani kuchipatala cha boma ku Chikwawa. Mukawauze madokotala za nthenda ya bambo anu ndi zaka zomwe anali nazo itapezeka, ndipo mufunse ngati kuli koyenera kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akakuunikeni m'matumbo.